Mpingo usamathere pa manda

Maganizo anga lero ndi okhudza ife a mpingo, amene akwiye akwiye basi.

Pa maliro timachita bwino, izi sindikutsutsa. Amayi a Mvano amabwera ndi yunifomu zawo, a Dorika amachezera pasiwa kuimba mpaka kucha, chipepeso chimasonkhedwa, abusa amalalikira mpaka anthu kugwetsa misozi. Koma tikangochoka kumanda aliyense wa kwake. Pomwe mavuto a namfedwa amayamba tsiku lija akuchimuna akhala pansi pa mtengo kuti tikambirane za katundu wa m'bale wathu, ndipo tsiku limenelo mkulu wa mpingo simungamuone. Njinga yapita, mbuzi zapita, ngakhale makina osokera omwe mayi wamasiyeyo amadyetsera ana atengedwa, ndipo ngati anali pa chitengwa amauzidwa kuti azipita kwawo munda ausiye, chimanga chili m'munda momwemo chomwe anapalira yekha mwamuna ali chigonere.

Chimandiwawa n'choti lamulo lilipo. Kuyambira 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye lomwe likunena poyera kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana ndi ena mwa oyamba kupindula ndi chumacho. Amayi ambiri kumudzi sadziwa izi. Nanga inuyo munamvapo kangati zikulengezedwa mu tchalitchi? Zolengeza za Paper Sunday timazimva sabata ndi sabata, koma zouza abambo kuti alembe wilo akadali moyo ayi, ati n'kudziitanira imfa.

Ndiye pa Khirisimasi timanyamula shuga paketi imodzi ndi sopo, kumuimika mayi uja pakhomo pake n'kumujambula kuti tiike pa Facebook. Abale, munthu amene wataya mwamuna osamuchititsanso manyazi chonchi. Shugayo mpatseni inde, koma chomwe akusowa ndi munthu womuperekeza ku Victim Support ku polisi kapena kwa DC, feteleza nthawi ya dzinja, yunifomu ndi makope a mwana kuti asasiye sukulu n'kukakwatiwa ali wamng'ono.

Ndipo pali amasiye ena omwe sitiwawerengera n'komwe, aja a ku kampu ya anthu othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa. Kampu ija inatsegulidwa mu 1994, malo ake ndi a anthu osapitirira 12,000 koma pano muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mayi wamasiye wa kumeneko alibe munda, alibe malume woti amudandaulire, malamulo samulola kukakhala kapena kukagwira ntchito kunja kwa kampu mwaufulu, amangodikira kangachepe ka bungwe loona za chakudya la WFP komwenso kakhala kakudulidwa. A Jesuit Refugee Service akuyesetsa ndi sukulu za ana kumeneko, ulemu wawo. Koma mipingo yathu ikuluikulu ya mu Lilongwe ili pafupi zedi ndi Dzaleka, ndipo amayi aja Lamulungu amapemphera kwa Mulungu yemweyu.

Ine pempho langa kwa abusa ndi akulu a mpingo ndi ili: pakachitika maliro a bambo, sankhani anthu awiri odziwa lamulo, mwamuna ndi mkazi, akakhale nawo pa tsiku logawa katundu, ndipo azikamuona mayiyo mwezi ndi mwezi kufikira atakolola.