Maganizo anga: tisadikire sekondale kuti tiuze ana za matupi awo

Ndakhala ndikuwerenga zimene anthu akulemba pa nkhani yophunzitsa ana a ku pulayimale za maubwenzi ndi kugonana. Ndinakhala chete masiku angapo chifukwa ambiri mwa amene akukana ndi anzanga, ena ndi abale anga enieni, ndipo ndikudziwa kuti akukana chifukwa chokonda ana awo. Koma mtima wakana kuti ndingoonerera. Ndine mphunzitsi, ndagwira choko zaka zambiri m'makalasi a ana aang'ono, komanso ndine mayi. Ndiloleni ndinenepo zanga.

Tsiku lina belu loweruka litalira, ana onse anathamangira panja monga mwa masiku onse. Mtsikana mmodzi anatsala pa desiki ali ndwii, manja atawapanikiza pamiyendo. Anali mwana wochangamuka, wa zaka 10, amene nthawi zonse ankayambirira kukweza mkono. Ndinamufunsa kuti, "Mwanangu, bwanji sukupita kunyumba?" Sanayankhe. Nditayandikira ndinaona kuti akunjenjemera. Anandikoka mkono n'kundinong'oneza kuti, "Madamu, ndavulala m'mimba. Magazi sakusiya. Chonde musawauze amayi."

Zinali zitayamba dzulo lake madzulo. Anang'amba mapepala a pakati pa kope lake la masamu n'kumaika. Usiku wonse sanagone, ankadikira kufa. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti ankakhulupirira kuti walakwitsa chinachake, mwina kudumpha chingwe kwambiri, mwina kusewera ndi anyamata, ndipo ankaopa kukalipiridwa kuposa imfayo. Ndinavula juzi yanga n'kumumangirira m'chiuno, tinakhala pansi awiriwiri m'kalasi mopanda anthu, ndipo ndinamufotokozera m'mphindi zochepa zimene akanayenera kumva chaka chimodzi m'mbuyomo.

Mayi ake atabwera anagwira pakamwa. Ndi mayi wabwino, wosamala mwana wake. Anati, "Aphunzitsi, ine ndimati nthawi ikadalipo. Ndimati ndidzamuuza akadzafika zaka 13."

Mawu amenewo, "nthawi ikadalipo", ndi amene ndikuwamva m'zolemba zambiri masiku ano. Koma thupi la mwana silidikira kuti makolo akonzeke. Madokotala amanena kuti atsikana amayamba kutha msinkhu pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata pakati pa zaka 9 ndi 14. Msambo woyamba umabwera patapita zaka ngati ziwiri mabere atayamba kutuluka, ambiri cha m'ma 12, ena msanga kuposa apo. Werengani zaka zimenezo bwinobwino. Mwana wa msinkhu umenewo ali ku pulayimale. Tikati phunziroli lidikire sekondale, ndiye kuti tikufika ndi ambulera mvula itamunyowetsa kale mwana.

Anyamata ndiye sitiwakumbuka n'komwe. Mnyamata mawu akayamba kusintha anzake amamuseka, akadzuka m'mawa n'kupeza wadzinyowetsa kutulo amabisa zofunda, ndipo palibe wamkulu amene anamuuzapo kuti zimenezi zimachitikira mwamuna aliyense. Amakafunsa kwa mnzake wa zaka 14, amenenso anamva kwa wina. Mnyamata yemweyo ndi amene mawa adzaloze diresi la mtsikana lothimbirira n'kuseka mokweza, chifukwa palibe amene anamufotokozera chimene akuonacho.

Ndikuona kuti chimene chikuopsa anthu ndi dzina la phunziroli. Munthu akamva mawu oti "kugonana" pafupi ndi mawu oti "pulayimale", m'maganizo mwake mumabwera mphunzitsi akuonetsa ana a zaka 6 zochitika za kuchipinda. Ine ndikanakhala woyamba kukachotsa mwana wanga pa sukulu yotero. Koma taonani zimene zinalembedwa. Bungwe la UNESCO linatulutsa malangizo a maphunzirowa mu 2009, n'kuwakonzanso mu 2018 mogwirizana ndi UNICEF, WHO ndi mabungwe ena a United Nations. Anagawa ana m'misinkhu: zaka 5 mpaka 8, 9 mpaka 12, 12 mpaka 15, ndi 15 kupita m'tsogolo. Aang'onowo amaphunzira za banja, za mnzako wabwino ndi amene amakupweteka, mayina a ziwalo za thupi, kukhudzidwa koyenera ndi kosayenera, munthu wamkulu amene ungamuuze ukaopa, komanso mwachidule kumene mwana amachokera. A zaka 9 mpaka 12 amafika pa kutha msinkhu, msambo, mmene mimba imayambira, HIV, ndi kudzisamala pa intaneti. Muli mfundo zina m'malangizowo zimene anthu a zikhulupiriro zosiyana angatsutsane nazo, sindikubisa, ndipo dziko lililonse limasankha zoti litenge. Koma thunthu lake ndi limeneli.

Ku England, kuyambira mu September 2020, sukulu iliyonse ya pulayimale imayenera kuphunzitsa za maubwenzi, ndipo za kutha msinkhu ndi msambo zili m'phunziro la zaumoyo. Za kugonana kwenikweniko sukulu ya pulayimale imasankha yokha kuphunzitsa kapena ayi, ndipo kholo lili ndi ufulu wochotsako mwana wake pa gawo limenelo. Koma pa za maubwenzi silingamuchotse. Ku Sweden maphunziro otere anakhala okakamiza m'sukulu kuyambira mu 1955. Ku Netherlands lamulo lakhala likufuna kuti aziphunzitsidwa ngakhale ku pulayimale kuyambira mu 2012, ndipo dziko limenelo ndi limodzi mwa mayiko amene atsikana obereka ali aang'ono ndi ochepa kwambiri.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo.

Ambiri akuti, "Imeneyi ndi ntchito ya makolo, sukulu isalowererepo." Kwa ana ambiri n'zoona, ndipo ndikanakonda kholo lililonse likanamachita. Koma ganizirani za mwana amene womuchita zoipayo amagona naye nyumba imodzi. Mu October 2024 bungwe la UNICEF linanena kuti atsikana ndi amayi oposa 370 miliyoni amene ali moyo lero, ndiye kuti mmodzi mwa 8 aliwonse, anagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Anyamata ndi abambo ndi pafupifupi mmodzi mwa 11. Ndipo amene amagwira ntchito yoteteza ana amadziwa kuti nthawi zambiri wochita zimenezi sakhala mlendo wobisala patchire. Amakhala wachibale, mnansi, bwenzi la banja, munthu amene mwana anauzidwa kuti azimumvera ndi kumulemekeza. Nthawi zina amakhala mphunzitsi, ndinene zoona ngakhale zikundiwawa. Tikati nkhaniyi ikambidwe kunyumba kokha, mwana amene akuifuna kuposa onse ndi amene sadzaimva.

Munthu wogwiririra ana amadalira zinthu ziwiri: kuti mwanayo sadziwa kuti zimene zikuchitikazo n'zolakwika, ndiponso kuti alibe mawu ozinenera. Amamuuza kuti ndi masewera, ndi chinsinsi chathu, ukanena amayi ako adzakukwapula kapena adzadwala. Mwana amene kwawo chiwalo chilichonse cha m'munsi chimangotchedwa "uko" kapena "zamanyazi", ndipo anamenyedwapo pakamwa atatchula dzina lake, adzanena bwanji? Akayesa amangoti, "Amandivutitsa," akuluakulu n'kumuyankha kuti, "Usamadandaule zilizonse, akungocheza nawe."

Bungwe loteteza ana la NSPCC la ku Britain limaphunzitsa ana aang'ono lamulo losavuta: malo amene amabisidwa ndi kabudula wam'kati ndi ako wekha, thupi lako ndi lako, ukakana wakana, chinsinsi chokudetsa nkhawa uyenera kuchinena, ndipo pali wina amene angakuthandize. Mulibe mawu otukwana mmenemo. Mulibe chimene chingachotse ubwana wa mwana.

Chaka china ndinaphunzitsa zofanana ndi zimenezi kwa ana a zaka 8. Tinakambirana kusiyana kwa chinsinsi chosangalatsa, ngati mphatso imene mukubisira amayi, ndi chinsinsi chimene chimakupweteketsa m'mimba ukachiganiza. Ana ankaseka, ankapikisana kuyankha. Nthawi yopuma itakwana mnyamata wina anadzipereka kufufuta bolodi. Analifufuta, n'kulifufutanso, loyera kale. Kenako, osandiyang'ana, nkhope ili kubolodi konko, anafunsa kuti, "Madamu, nanga munthuyo akakhala amene amandigulira makope?"

Miyendo yanga inazizira. Sindinakuwe, sindinamupanikize ndi mafunso, sindinamulonjeze kuti ndisunga chinsinsi. Ndinamuuza kuti wachita bwino kunena, kuti iye sanalakwe, ndipo kuti ndiyenera kuuza anthu amene ntchito yawo ndi kumuteteza. Zotsatira zake sindingazilembe pano, ndi za mwanayo. Koma dziwani kuti zinali zitachitika kwa nthawi yaitali, ndipo anayankhula tsiku limenelo chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu anatchula chinthucho poyera.

Si ine ndekha amene ndinaonapo zotere. Mu 2015 akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaunika kafukufuku 24 wa maphunziro a m'sukulu oteteza ana ku nkhanza zogonana. Anapeza kuti ana ophunzitsidwa ankadziwa bwino zoyenera kuchita, ndipo panalibe umboni woti maphunzirowo anawawonjezera mantha kapena nkhawa.

Pali mantha ena amene ndimawamvetsa: oti mwana ukamuuza amafuna kukayesa. Inenso ndinkaganiza choncho ndisanakhale m'kalasi. Pokonza malangizo a 2009 aja, UNESCO inaunika kafukufuku 87 wa m'mayiko osiyanasiyana. Mwa amene anayeza msinkhu umene achinyamata ankayambira kugonana, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapeza kuti maphunzirowa anawafulumizitsa. Ena anapeza kuti anawachedwetsa, ena sanapeze kusintha. Mwana amene ndimamuopera ine ndi uja wosadziwa kanthu, amene mnyamata wamkulu angamunamize kuti tsiku loyamba munthu satenga mimba, iye n'kukhulupirira.

Ndipo tisadzinamize kuti ife tikakhala chete ana sakumva kanthu. Foni ili m'nyumba, ndipo ngati ilibe kwanu ili m'thumba la mnzake. Mu 2023 ofesi yoona za ana ku England inatulutsa lipoti losonyeza kuti mwa achinyamata amene anaonapo zolaula pa intaneti, mmodzi mwa 10 anali ataziona pofika zaka 9, ndipo oposa mmodzi mwa anayi pofika zaka 11. Ambiri sachita kuzifunafuna, zimangowatulukira kapena mnzawo amawaonetsa. Mphunzitsi alipo kale ameneyo, ndipo zimene akuphunzitsa n'zakuti mkazi ndi chinthu chogwiritsa ntchito, kuti kukana kulibe tanthauzo. Ine ndikufuna mwana wanga akadzakumana nazo adzakhale atamva kale kwa munthu womukonda kuti zimenezo si chikondi, ndiponso kuti akhoza kubwera kudzandiuza osaopa mbama.

Pamene ndikugwirizana ndi makolo odandaulawo ndi apa. Sukulu isabise zimene ikuphunzitsa. Kholo lili ndi ufulu woona buku, chithunzi chilichonse, ndi mawu amene mphunzitsi adzagwiritse ntchito, phunziro lisanayambe. Sukulu imene imayankha makolo mwamwano, ngati kuti ndi mbuli, ikudzikumbira dzenje yokha ndipo ikupweteketsa ana. Ndaonapo makolo akubwera pamsonkhano nkhope zili gwaa, n'kutuluka atapempha kuti tiwabwereke mapepalawo akawerenge ndi ana awo kunyumba. Chimene ankafuna ndi kuona ndi maso awo basi. Za chikhulupiriro, za nthawi yoyenera ukwati, za khalidwe limene banja lanu limalemekeza, zimenezo ndi zanu makolo, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angafune kukulandani.

Aphunzitsi nafenso tiphunzitsidwe mokwanira. Ambiri a ife tinakula osamvapo wamkulu akutchula zinthu zimenezi, ndiye tikafika pa mutu umenewu lilime limalemera. Ena amaudumpha, ena amangolemba manotsi pa bolodi n'kutuluka, ena amauphunzitsa moopseza mpaka mtsikana kumaona thupi lake ngati tsoka. Choopsa kwambiri ndi kutsegula nkhaniyi m'kalasi pamene sukulu ilibe njira yodziwika yothandizira mwana akaulula. Mwana akalimba mtima n'kunena, wamkulu n'kumuyankha kuti "usadzanenenso zimenezo", sadzatsegulanso pakamwa moyo wake wonse. Mphunzitsi aliyense adziwe kuti akamva auza ndani tsiku lomwelo, ndipo ana adziwe kuti ngati wolakwayo ndi mphunzitsi, pali khomo lina loti agogode.

Mtsikana wa juzi uja anabwera m'mawa mwake, juziyo itachapidwa n'kupindidwa bwino. Chaka chotsatira sanalinso m'kalasi mwanga. Tsiku lina nthawi yopuma ndinamva kugogoda, ndipo anali iyeyo, atagwira dzanja kamtsikana kena kakang'ono kuposa iye, kali ndi misozi m'maso. Anati, "Madamu, mnzangayu wayamba lero. Ndamuuza kale kuti si matenda ndipo safa. Koma alibe padi, mungatithandizeko?"