Musanagule RAM “yothamanga”, yambani mwaona chimene chikudwala

Abale anga a ku Chipata kuno, nkhani iyi yandiwawa mtima. Mwana wa achemwali anga ali ku koleji, ndipo laputopu yake inkachedwa moti akaiyatsa ankayamba wapita kukateleka madzi. Mnyamata wina wokonza makompyuta m'tauni muno anamuuza kuti vuto ndi RAM yochedwa (RAM ndi pamene kompyuta imaikapo kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito). Anachotsa 4GB yakale n'kuikamo 4GB ina yolembedwa 3200, nambala yosonyeza liwiro lake. Mwanayo analipira ndalama zimene mayi ake anapeza atagulitsa nshawa ku Katete. Palibe chinasintha.

Chifukwa chake n'chakuti laputopuyo ili ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core i5-6200U, ndipo purosesa imeneyi siyendetsa RAM ya mtundu wa DDR4 kupitirira liwiro la 2133. Muikemo ya 3200, idzatsika yokha kufika pa 2133. Nambala ya pakapepala ija imangokhala yokongoletsa.

Nditatsegula Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa zimene zikulemetsa kompyuta, ndinapeza Memory (RAM ija) yadzaza pafupifupi yonse, Disk ili pa 100%. Chrome, Word ndi PDF imodzi basi! RAM ili ngati lichero, disiki ili ngati nkhokwe. Lichero likachepa, umangokhalira ulendo wa kunkhokwe, ndipo nkhokwe yake inali hard disk yakale yozungulira pa 5400 rpm. Mukaika khutu pafupi mumaimva ikukhotchola ngati mbewa m'denga. Tinaonjezera RAM kufika 8GB, tinaikamo SSD (disiki yosazungulira) wamba ya SATA, imene imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pomwe yakale ija imavutikira cha m'ma 100. Tsopano imayaka iye asanakhale n'komwe pampando.

Sindikunena kuti liwiro la RAM lilibe ntchito. Amene mumasewera magemu pa makina opanda graphics card (kachipangizo koyendetsa zithunzi) yapadera, kapena muli ndi purosesa ya Ryzen, mumaona kusiyana, makamaka mukaika timitengo tiwiri ta RAM tofanana kuti tigwire ntchito limodzi. Koma ambirife tili ndi ma laputopu a salaula, olembera ma assignment ndi ma invoice. Windows 11 imafuna 4GB pongoyambira chabe, ndiye yotsala yogwirira ntchito ikhala iti?

Inu okonza makompyuta, ndikupemphani ndi ulemu: muonetseni kasitomala Task Manager asanatulutse kwacha yake. Ndipo muuzeninso kuti DDR4 silowa pamalo a mtundu wakale wa DDR3, kampata kake kali pena. Mlungu wathawu wina anabwera kwa ine ndi RAM yogula ku Lusaka, atathyola kale kogwirira poikakamiza.