CHENJEZO kwa obetcha a kuno ku Mangochi, amene akwiye akwiye

Ana anga a pa boma, a kwa M'baluku, a ku Makawa mpaka ku Monkey Bay uko, tcherani khutu, ine ndakula sindinyengerera munthu. Masiku ano paliponse ndi kulira kokhakokha, ati kampani yobetchetsa yandibera, ati ndinawina koma akukana kundipatsa, ati boma likungoyang'ana. Ena mwa inu mukunena zoona sindikukana ayi. Koma ambirinu tikakufunsani kuti umboni uli kuti mumangokanda m'mutu.

Tiyambe ndi tiketi ya pa shopu ija. Kapepala kaja zolemba zake sizichedwa kufufutika kakakhala padzuwa kapena kakanyowa, ndiye inu mumakapinda n'kukaponya m'thumba la kabudula, usiku wonse muli pa nyanja kukoka chilimira, m'mawa pofika pa doko kali nyowe kakununkha usipa manambala osaoneka, kenako mukukamenya kauntala kuti mundipatse ndalama yanga. Awerenga chani? Foni muli nayo yojambulira ma selfie tsiku lonse koma kujambula tiketi mphindi imodzi zikukukanikani. Komanso tiketi yowina imakhala ndi masiku ake okatengera ndalama, funsani pogula pomwepo.

Za akaunti ya pa foni ndiye zimandinyansa zedi. Mnyamata kutsegula akaunti ndi nambala ya Mpamba ya mayi ake, wina ndi Airtel Money ya mkazi wake, wina dzina kulemba la osewera mpira. Poika ndalama zimayenda bwinobwino palibe okufunsa, tsiku lomwe mwawina yochuluka ndi lomwe adzati bweretsani chiphaso cha unzika, mayina akasiyana ndalama ija yagwidwa basi. Ine maganizo anga khalidwe limeneli si lachilungamo, ngati chiphaso ndi chofunika azifunsa munthu asanaike ngakhale K100, osati kulandira ndalama zake miyezi ndi miyezi n'kudzakumbukira lamulo tsiku lolipira. Komabe amene anadina kuti ndavomereza asanawerenge mzere ngakhale umodzi ndi ndani? Ndinu. M'malamulo mwawomo ndi momwe analemba malire a ndalama yomwe angakulipireni pa tiketi imodzi, zomwe zimachitika gemu ikalephereka, ndi za bonasi yomwe mumaisekerera ngati mphatso chonsecho simungaitape mpaka mutaibetchanso kangapo.

Dziwani kuti m'dziko muno muli bungwe loyang'anira juga ndi malotale, Malawi Gaming and Lotteries Authority, ambiri amangoti MAGLA, lomwe linabwera ndi lamulo la 2022 m'malo mwa Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Ndi iwowa amapereka layisensi ku ma casino ndi makampani obetchetsa, ndipo kampani ya layisensi ikakupondani muli ndi kokadandaula. Nanga inu amene mumadina link yobwera pa gulu la WhatsApp, kampani yoti ofesi yake simukudziwa ili dziko liti, ikatseka mawa mukasuma kwa ndani, kwa amfumu? Pali enanso akuba aja oti tumiza K5,000 ndikupatse ma gemu ogulidwa kale, kapena ka app kolosera pomwe kandege kathawire pa Aviator, gemu yobetcha ya pa foni yomwe umayenera kutapa ndalama yako kandegeko kasanathawe. Munthu odziwa zotsatira za mawa angamavutike kupempha K5,000 yanu? Nzeru munasiya kuti kodi.

Tsopano mvetsani ichi chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Ngakhale kampani itakhala yachilungamo chotheratu, yosaba tambala, masamu ake anakonzedwa kuti iyo izitsala ndi phindu. Gudumu la roulette la ku casino lija lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, koma mukalasa nambala amakulipirani ka 35 kokha. Kandege ka Aviator eni ake amanena poyera kuti kamabweza 97 pa 100 iliyonse, zikumveka ngati zabwino eti, koma inu simubetcha kamodzi, mumazunguza ndalama yomweyo usiku wonse, ndipo K10,000 mukaizunguza yonse ka 50 masamu akuti mwachidule imatsala cha m'ma K2,200. Tiketi ya magemu 10 ija, titati gemu iliyonse mwayi ndi theka kwa theka, mwayi olasa onse ndi umodzi pa 1,024, pomwe ma odds (nambala yomwe kampani imachulukitsira ndalama yanu mukalasa) a 1.90 pa gemu iliyonse amangochulukitsa ndalama yanu ka 613. Kusiyana kumeneko ndi komwe kumalipira lendi ya shopu ndi zikwangwani zija. Ndiye mukamati "gemu imodzi yokha ndi yomwe yandidulira" musamaone ngati munatsala pang'ono, aliyense pa benchi paja akunena zomwezo. Mukawina ndalama ina imadulidwa ngati msonkho wopita ku MRA, imeneyo sikuti mwaberedwa, koma funsani akuonetseni kuti yadulidwa zingati.

Eni mashopu musaseke, ndabwera kwa inu. Lamulo likuti osakwana zaka 18 asabetche, chikwangwani mwamata pakhomo inde, nanga ana a yunifolomu aja odzaza pa sikirini nthawi ya sukulu simukuwaona? Wa kabaza wabetcha ndalama ya bwana wake ya tsiku lonse, akutuluka thukuta akupita kukatenga katapila kuti abweze yomwe yadyedwa, inu mukumulandira ndi manja awiri. Mayi wina kutenga ndalama ya banki m'khonde yoti akaodere usipa n'kuithera pa kandege. Munthu otere ofunika kumuuza kuti achimwene lero basi kapumeni.

A MAGLA nanu, ntchito yanu isathere pa kupereka layisensi ndi kutolera ndalama. Obetcha sali ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha, ali ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira, ku Chiponde pa malire paja. Akakamizeni makampaniwa alembe malamulo awo m'Chichewa ndi m'Chiyao, zilembo zikuluzikulu zoti msodzi awerenge, ndipo nambala yodandaulira imatidwe pa khoma la shopu iliyonse. Munthu akapempha yekha kuti akaunti yake itsekedwe chifukwa zamukulira, itsekedwe ndithu osati mawa lake kumutumiziranso meseji ya bonasi.

Kunena zoona ine ndikanakonda mutangosiya, ashehe ku mzikiti ndi abusa ku tchalitchi pa nkhani ya juga amayankhula chimodzi. Koma poti makutu anu ndi ouma, mukaona kuti mwaponderezedwa sungani tiketi, ma screenshot ndi mameseji a Mpamba kapena Airtel Money, lembani dandaulo ku kampaniyo kaye ndi tsiku lake, ikakana kapena ikangokhala chete pitani nazo ku MAGLA. Zotukwana mtsikana wa pa kauntala ndi kuswa magalasi zija musiye, iyeyo ndi olembedwa ntchito chabe ma odds sakonza ndi iye, ndipo mukagona ku polisi ndinu, tiketi yanu ikutha masiku.