Musatulutse ndalama musanadziwe mwini dothi

Ana anga, ndi inu nonse amene mukusakasaka pokhala kuzungulira Lilongwe, khalani pansi mundimve. Ndakhala chete nthawi yaitali poopa kuti muziti madala ayamba kulongolola, koma zimene ndaona ndi maso angawa zikundisowetsa tulo.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito ku Kanengo. Zaka zinayi wakhala akudzimana, nkhomaliro yake chinangwa ndi madzi, kuti tsiku lina atuluke m'nyumba ya lendi. Mkazi wake anawonjezerapo ngongole ya ku banki m'khonde. Tsiku lina anaona pa Facebook chithunzi cha nyumba yosamaliza, kupitirira Njewa panjira ya ku Mchinji: zipinda zitatu, yofika pa bimu, mtengo wa mango pakhomo. Lachisanu anaimba foni. Loweruka anakaiona. Dobadoba anamunong'oneza kuti pali bwana wina wa ku Area 47 amene akubwera ndi ndalama Lolemba m'mawa. Pofika Lamulungu madzulo, mwanayu anali atapereka ndalama zonse. Anasainirana ataimirira, pepala long'amba m'kope atalitsamiritsa pagalimoto, mboni ziwiri zonse zobwera ndi wogulitsa. Ine malume ake sanandifunse. Mayi ake anamva zitatha. Ngakhale khomo loyandikana nalo sanagogode.

Anafolera malata, anaika mafelemu. Tsiku lothira simenti pansi ndinali pomwepo. Chakumasana kunatulukira mayi wachikulire, khasu paphewa, ana ake aakazi awiri akumutsatira. Sanakalipe. Anaima pansi pa mango uja, natipatsa moni mwaulemu, kenako anafunsa:

"Pepani bambo, kodi akumanga pano ndani?"

Titamuyankha, anagwira tsinde la mtengowo. "Mango uyu anabzala ndi mayi anga. Amene wakugulitsaniyo ndi mkamwini, anali mwamuna wa mwana wanga uyu. Banja linatha chaka chatha, ndipo sitikudziwa kumene ali."

Mmisiri anaika fosholo pansi. Simenti imene anali atasakaniza kale inaumira pomwepo, matumba anayi. Mwana uja anandiyang'ana n'kunena kuti, "Malume, pepala ndili nalo." Ndinasowa chomuyankha.

Kodi mwaiwala kuti kuno ndi kwa Achewa? Midzi imene mukuthamangirako, kaya kwa Njewa, kwa Chitukula, kwa Tsabango kapena kwa Malili, malo ambiri a makolo amayenda ndi mbumba, kuchikazi. Mkamwini amamanga, amalima, amabereka ana pamudzi, koma dothi si lake. Ngakhale mwinimbumba weniweni sayenera kugulitsa munda yekha alongo ake osadziwa. Zimenezi agogo anu anakuuzani. Mwafika m'tauni, mwavala tayi, ndiye mukuganiza kuti mwamuna aliyense wolankhula molimba mtima ataima pamunda ndiye mwini wake. Funso loyamba pamalo a kumudzi ndi ili: amayi a pano ali kuti? Aitaneni, akhale pamphasa, anene ndi pakamwa pawo kuti avomera, ndipo asaine kapena kudinda chala.

Sindikunyoza changu chanu ayi, ndikudziwa kumene chikuchokera. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, kumene lero kuli mafensi ndi mageti tinkadutsako m'minda ya chimanga ndi fodya. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo kuyambira pamenepo anthu akungobwerabe. Lendi ikukwera, landilodi akugogoda pa 1 pomwe. Kwacha inagwa mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama kubanki anaona thumba la simenti likumuthawa. Tsono munthu amati bola ndiikwirire m'dothi isanasungunuke. Maganizowo ndi abwino. Koma akuba nawonso akudziwa kuti muli ndi mantha amenewo, ndipo ndi pomwe akukugwirani. Mawu oti "wina akubwera ndi ndalama mawa" ndi msampha wakalekale. Munthu amene akugulitsa chake chenicheni saopa kukudikirani sabata ziwiri kuti mufufuze.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anthu omwewa, akamagula foni yakale mumsika, amaitembenuza, amaimbira mnzawo kuti amve ngati ikumveka, amayesa batire, amanenerera mtengo ola lathunthu. Koma nyumba ya mamiliyoni, thukuta la moyo wonse, akugula tsiku limodzi ngati tomato.

Mvetsani bwino za mapepala, chifukwa apa ndi pamene ambiri mukugwera. Ngati wogulitsa akuti malo ali ndi title deed kapena lizi, zikalata za boma zosonyeza mwini malo, musakhutire ndi fotokope imene wakutumizirani pa WhatsApp. Tengani nambala ya pulotiyo, mupite nokha ku maofesi a Unduna wa za Malo mukapemphe search. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene mukufuna kutulutsa. Kumeneko mukaona dzina limene lili m'kaundula, mukaonanso ngati nyumbayo anaipereka chikole kubanki kapena ngati wina anaikapo chiletso. Anthu agula nyumba, alowa, apenta, kenako n'kuona m'nyuzipepala banki ikuitsatsa chifukwa cha ngongole ya mwini wakale. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha munthu amene waima pamaso panu, ndipo nkhope muiyang'anitsitse. Ngati malowo ali pansi pa Malawi Housing Corporation, fayilo yake ili kumeneko. Ngati ndi a khonsolo ya mzinda, pitani kukhonsolo. Funsaninso ngongole za ground rent (lendi ya dothi), za city rate (msonkho wa kukhonsolo), bilu ya madzi ya Lilongwe Water Board, chifukwa zotsalira zonsezo zidzagogoda pakhomo panu, mwini wakale atapita.

Ndipo kugula sikuthera pa kupatsana makiyi. Mpaka dzina litasinthidwa m'kaundula, pamaso pa boma nyumbayo ikadali ya mwini wakale. Pamafunika chilolezo chosinthira umwini, kalata ya bungwe lotolera misonkho la MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi msonkho wa stamp duty. Ambiri mumati tidzasintha tikapeza ndalama. Zaka zimapita, wogulitsa uja amamwalira, ana ake amapeza dzina la bambo awo likadali pamapepala, ndipo nkhondo imayamba ndi anthu amene simunawaonepo. Loya mumamuona wodula lero. Mudzamufuna mlandu ukafika kukhoti, ndipo pamenepo adzadula kakhumi.

Za chidindo cha amfumu ndinenepo mosamala, chifukwa mafumu ndimawalemekeza ndipo ambiri ndi anthu oongoka. Koma chidindo ndi chidindo basi, sichiyeza malire, sichisunga kaundula. Puloti imodzi ikhoza kukhala ndi makalata atatu, onse odinda. Lamulo la malo a makolo la 2016 linaika kuti nkhani za malo m'midzi ziziyenda kudzera m'komiti ya malo, wapampando wake gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu akhale amayi. Cholinga chake n'chakuti munthu mmodzi asamagawe dothi kuseri kwa nyumba. Komanso dziwani ngati malowo ali m'kati mwa malire a mzinda kapena kunja, chifukwa m'kati mwa mzinda malo ali ndi eni ake m'mabuku a boma, ndipo kalata ya mfumu kapena ya block leader siikutetezani tsiku limene akhonsolo adzabwere ndi chigalimoto chogumula. Mukagula malo a kumudzi, musagone. Itanani saveya wovomerezeka, ayeze anansi onse akuona, aike mabikoni, muyambe kulondola mapepala. Malire a nkhadze ndi chulu amasuntha usiku.

Palinso nyumba za amasiye. Apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Mukamva kuti mwini nyumba anamwalira ndipo akugulitsa ndi mchimwene wake, kapena mwana woyamba, imani kaye. Funsani kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Funsani kumene kuli mayi wa m'nyumbamo ndi ana aang'ono. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Mtengo ukatsika modabwitsa, nthawi zambiri kuseri kwake kuli mayi wamasiye amene sakudziwa kuti denga lake lili pamsika. Inu mukagula, mwathandiza nawo kumutulutsa panja, ndipo ana aja akadzakula adzabwera.

Tsopano za malo enieniwo. Mumapita kukaona nyumba mu Ogasiti, Lamulungu masana, msewu uli mbee, pansi pali gwa, dobadoba akukuuzani kuti kutauni ndi mphindi makumi awiri. Bwererani mu Januwale mvula itagwa usiku wonse. Yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi. Suzumirani m'chimbudzi cha anansi muone pamene madzi afika. Mukaona bango, mlulu kapena dothi lakuda lomata, limenelo ndi dambo, ngakhale alithire dothi lofiira pamwamba. Amene tinaona mtsinje wa Lingadzi utasefukira ku Mtandire mu 2017, anthu atakwera pamadenga ndi m'mitengo, sitifuna kuuzidwa kuti madzi amakumbukira njira yawo. Koma mpaka lero wina akukumba maziko m'mphepete mwa mtsinje chifukwa puloti yake inali yotchipa.

Dzukaninso tsiku la ntchito, 5 koloko m'mawa, mukaime pasiteji ya komweko ngati mmene mudzaimire zaka makumi awiri zikubwerazi. Muone kabaza akulipiritsa zingati kuchoka kunyumba kukafika pa tala, muone minibasi zikudutsa zodzaza, muone mzere wa galimoto polowa m'tauni. Wochokera ku Lumbadzi, ku Chitedze, ku Mpingu, ku Nathenje kapena kupitirira Six Miles, awerengetse ndalama ya ulendo ya iye, ya mkazi wake, ya ana a sukulu, mwezi wonse. Ndikudziwa mabanja amene anamanga nyumba yabwino kutali, lero anaikamo mlonda, iwo anabwerera ku lendi ku Area 25 ndi ku Kawale chifukwa thiransipoti inkadya kuposa landilodi. Funsani madzi amachokera kuti, mjigo uli patali bwanji, polo ya ESCOM yomaliza ili pati. Mawu oti "magetsi akubwera posachedwa" ena akhala akuwamva mpaka ana awo kumaliza pulayimale. Ndipo inu okonda kumanga m'mbali mwa msewu waukulu chifukwa cha bizinesi, pa M1 ndi misewu ina ikuluikulu mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu. Zilembo zofiira zija mumaziona pamakoma, zosonyeza kuti nyumba yalowa m'malo a msewu, sanalembe ana osewera. Pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi ndi chimodzimodzi.

Ogulitsa, musaganize kuti ndakuiwalani. Inu eni midzi yozungulira mzinda, mukudula munda wa agogo anu zidutswazidutswa, lero ka njinga yamoto, mawa ka malata, mkuja ka maliro. Njinga ija pakatha zaka ziwiri yafa. Ndadutsa m'midzi ina kumene mwini dothi wa dzana lero ndi mlonda pageti la amene anamugula, ndipo mkazi wake akuchapa zovala m'nyumba yoima pamene ankakolola mtedza. Ana anu adzalima pati? Mwafika pogulitsa mpaka m'mphepete mwa manda ndi njira ya kudambwe. Ngati kugulitsa kwafikadi poti simungachitire mwina, khalani pansi banja lonse, siyani gawo la ana, ndipo funsani mtengo kwa anthu angapo musanavomere wa dobadoba, chifukwa iye amakuuzani mtengo wina, wogula amamuuza wina, chapakati n'kulowa m'thumba mwake kuwonjezera pa komishoni.

Nanunso a m'tauni amene mukugulitsa nyumba, lekani kupereka mapepala enieni kwa munthu amene wangolipira theka. Lekani kulola wogula kulowa m'nyumba ndalama isanathe, pakuti kumutulutsa kudzakutengerani zaka. Ndalama zilowe kubanki, muone ndi maso anu kuti zafika, osakhulupirira uthenga wa pafoni kapena chithunzi cha risiti. Kunyamula mamiliyoni m'chikwama kupita nawo kuthengo kukakumana ndi munthu amene mwadziwana naye pa intaneti ndi kuika moyo wanu pachiswe. Ndipo amene mukugulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, mukudziwa nokha kuti ndi kuba. Anthu amene mukuwaberawo ndi aphunzitsi, anamwino, amayi ogulitsa mandasi, ndi ana athu amene akuvutika ku Johannesburg n'kumatumiza ndalama kwa achibale kuti awagulire malo amene sanawapondepo.

Nkhani ya mwana wa mlongo wanga ikadali kwa amfumu, takhalapo kale kawiri. Mayi uja alibe mtima woipa, akuti akumvetsa kuti mwanayu anapusitsidwa, koma malowo ndi a ana ake aakazi ndipo sangawataye. Akufuna kuti ngati tikhalepo, tigulenso kachiwiri kwa eni ake enieni. Foni ya mkamwini uja siikupezeka, dobadoba akuti iye anangolozera. Ngongole ya ku banki m'khonde ikubwezedwa sabata iliyonse, lendi ikulipidwa mwezi uliwonse, ndipo Loweruka likubwerali tikubwereranso kubwalo, ine, mlongo wanga ndi mwanayo, pepala la m'kope lija lili m'thumba.