Zilombo zakumwamba zikagwera pamudzi wa osauka

Dzulo usiku ndaoneranso Attack the Block, filimu ya ku Britain ya 2011, ndipo mpaka pano ikundiyendabe m'mutu. Anthu ambiri amaitenga ngati kafilimu koseketsa ka zilombo zochokera kuthambo, kopangidwa ndi ndalama zochepa. Ine ndikuti mwa mafilimu onse a zamoyo zakuthambo zodzaukira dziko lapansi omwe ndaonerapo, iyi ndi yomwe imanena zoona kwambiri, ndipo kuchepa kwa ndalamako ndi kumene kunaipulumutsa.

Mafilimu akuluakulu a ku America tikuwadziwa. Zilombo zikabwera zimalunjika ku Washington kapena New York, pulezidenti amalankhula pa wailesi, ndege zankhondo zimauluka, nyumba zitalizitali zimagwa. Joe Cornish, yemwe analemba ndi kutsogolera filimuyi, analibe ndalama zogwetsera mzinda. Choncho zilombo zake zinagwera pa nyumba imodzi yosanjikizana ya khonsolo kum'mwera kwa London, komwe kumakhala anthu opeza movutikira. Ndi usiku wa 5 November, usiku wa Guy Fawkes, pamene dziko lonse likuphulitsa makombola. Chilichonse chogwa kumwamba chikungooneka ngati gawo la chikondwerero. Palibe akuzindikira, palibe akubwera kudzathandiza.

Chomwe chimandigwira mtima ndi chiyambi chake. Anyamata asanu ovala zobisa kumaso akuchita chifwamba, akulanda foni ndi mphete kwa namwino wina dzina lake Sam, akuchokera kuntchito. Cornish mwiniwake anaberedwapo motere ndi anyamata mumsewu, ndipo m'malo mongowada anafuna kudziwa kuti ana amenewa ndi ndani. Filimuyo siwayeretsa. Mtsogoleri wawo, Moses, wagwira mpeni, ndipo iwe woonera umakwiya naye. Koma usiku womwewo zilombo zitafika, ndi anyamata omwewa amene akutenga njinga, zibonga, lupanga ndi makombola kuti ateteze nyumba yawo.

Pali malo amodzi omwe ndimabwezera kumbuyo nthawi zonse. Sam akulowa m'chipinda cha Moses ndi kupeza bedi loyalidwa nsalu za Spider-Man. Akufunsa ngati ali ndi mng'ono wake. Ayi, ndi lake. Moses ali ndi zaka 15 zokha, amakhala ndi malume ake omwe sapezeka pakhomo. Mnyamata amene timamuopa muja ndi mwana wogona yekha m'nyumba yopanda wamkulu. Filimu ya ndalama zambiri sikanapeza mpata woima pa nsalu ya pabedi, ikanakhala ikuthamangira kuphulitsa mlatho.

Zilombozo nazo n'zochititsa mantha chifukwa cha kuphweka kwake. Ndi anthu ovala zaubweya zakuda bii, zopanda maso, ndipo chooneka mumdima ndi mano owala okha. Kompyuta inangothandiza apa ndi apo. Zikamathamanga m'makonde opapatiza, magetsi akuzima ndi kuyaka, thupi limachita tsembwe kuposa ukamaona zilombo zikwizikwi zojambulidwa pa kompyuta. Nthabwala zake sizichepetsa mantha. Anyamatawo akusowa mayunitsi m'mafoni oti auzire anzawo, ndipo Ron, gawo lomwe anasewera Nick Frost, wangokhala phee m'nyumba yake yolimamo chamba pamwamba penipeni. Umaseka, kenaka mnyamata mmodzi amafa, kuseka kuja kumakuthera pakhosi.

Ena amanena kuti filimuyi ikulemekeza tiakuba. Sindikugwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Moses akuzindikira kuti zilombo zikuwalondola chifukwa cha fungo la chilombo chachikazi chomwe iye anapha poyambirira, ndiye kuti imfa za anzake zachokera m'manja mwake. Akuvomera, akubweza mphete ya Sam, ndipo akudzipereka yekha kukokera zilombozo m'nyumba mwake n'kuziphulitsa ndi gasi. Akupulumuka atalendewera pa mbendera ya Britain kunja kwa khonde. Apolisi atafika, akumumanga. Amene wapulumutsa anthu akukwezedwa m'galimoto ya polisi, khamu la anansi likufuula dzina lake panja.

Filimuyi inatuluka mu May 2011. Mu August chaka chomwecho London inayaka ndi zipolowe, ndipo nkhope za anyamata ngati Moses zinadzaza m'manyuzipepala ngati zilombo zenizeni. Ndikaionera lero sindingathe kulekanitsa ziwirizi.

Sinapeze phindu lalikulu m'makanema, koma onani amene inatulutsa. John Boyega, yemwe anasewera Moses, mwana wa ku Peckham mu London wa makolo a ku Nigeria, iyi inali filimu yake yoyamba, ndipo 2015 tinamuona ngati Finn mu Star Wars. Jodie Whittaker, namwino uja, anadzakhala mkazi woyamba kusewera gawo lalikulu mu sewero la pa TV la Doctor Who. Komabe kwa ine Boyega sanaposepo zomwe anachita pano, makamaka kumapeto, atakhala mumdima m'galimoto ya polisi, manja ali mu unyolo, akumva anthu akuimba dzina lake, ndipo kwa nthawi yoyamba usiku wonsewo akumwetulira.