Lie, lay, lain: kuloweza pakokha sikupulumutsa mwana

Maganizo anga kwa aphunzitsi a Chingerezi ndi akuti tileke kuimbitsa ana "lie, lay, lain" ngati nyimbo ya pa asembule. Mwana amaloweza bwinobwino, koma pa mayeso a MSCE n'kulemba "she lied on the mat". Iye akuganiza kuti wanena zoti mayi anagona pamphasa, pomwe wanena kuti mayiwo ananama ali pamphasapo.

Pali aneni atatu ofanana nkhope. Wa kugona ndi lie, lay, lain. Wa kugoneka kapena kuika chinthu pansi ndi lay, laid, laid. Wa kunama ndi lie, lied, lied, ndipo ameneyu savuta. Msampha uli pa liwu loti lay, chifukwa likuimira nthawi yakale ya kugona komanso nthawi yatsopano ya kugoneka.

Chichewa chathu chomwechi chimamasula mfundoyi. Munthu amagona yekha, koma amagoneka mwana. Lie ndi gona, lay ndi goneka. Ngakhale m'Chingerezi chamakedzana aneniwa anali licgan ndi lecgan, wachiwiriyo kutanthauza kuchititsa chinthu kugona. Ndiye polemba za nthawi yakale, mwana adzifunse kuti wagoneka chiyani? Yankho likakhalapo, mneniyo ndi woyambukira, atenge laid: "She laid the baby on the mat." Likasowa, atenge lay: "She lay on the mat." Nkhuku nayo imaikira chinthu, n'chifukwa chake timati "The hen has laid six eggs."

Chachiwiri ndi kusiyanitsa past tense ndi past participle. Kwathu tsinde silisintha: ndinagona, ndagona, nthawi ili mu -na- ndi -a-. Chingerezi chimasintha liwu lenilenilo. Lay wa nthawi yakale amaima yekha: "He lay there all night." Lain sayenda yekha, amafuna have, has kapena had patsogolo pake: "He has lain there since Monday." Choncho ngati kuloweza kuli kofunika, ana aloweze "has lain", osati lain wopanda mnzake. Pakabwera did, mneni amabwerera pachiyambi: "Did he lie down?" Ndipo pa zochitidwa ndi laid yekha amene amalowa, "The bricks were laid yesterday", poti sunganene kuti njerwa zinagonedwa.

Kalembedwe koti layed kulibe. Ndi laid, monga paid ndi said.

Ena anena kuti eni chilankhulo ku London kapena ku America amati "I want to lay down" tsiku ndi tsiku. Zoonadi amatero, ndipo lain samveka kawirikawiri pocheza, ambiri amazemba n'kunena "has been lying". Koma wochonga mayeso satsata za pocheza. Akaona "lay down" pamalo pa "lie down", cholembera chofiira chidutsapo basi.