Central locking yokhoma zitseko zitatu n'kusiya chimodzi

Palibe chotopetsa pa galimoto ngati central locking, njira yokhoma zitseko zonse nthawi imodzi, yogwira ntchito mwa apo ndi apo. Mwadina rimoti, magetsi aphethira, mwachoka mtima uli m'malo, kumbuyoku chitseko chimodzi sichinakhomeke.

Ambiri amathamangira kusintha kabatire ka rimoti, kaja kooneka ngati ndalama yachitsulo, monga ka CR2032. Koma ngati zitseko zina zikukhomeka, rimoti ilibe mlandu. Vuto lili m'chitsekomo: kamota kokankha loko katopa, kapena timagiya take ta pulasitiki tatha mano. Tcherani khutu pachitsekopo wina akudina. Kakamalira koma loko osasuntha, ndi timagiyato. Kukakhala zii, vundukulani mphira uja wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, chifukwa mawaya amadukira mmenemo popindika tsiku ndi tsiku. Zitseko zonse zikakana, yambani mwaona fyuzi.

Chopweteka kwambiri ndi galimoto zodzikhoma zokha pakatha masekondi pafupifupi 30 mutatsegula loko ndi rimoti koma chitseko chisanatsegulidwe. Kaswitchi ka pachitseko kakafa, galimoto sidziwa kuti mwatsegula, ndiye masekondi aja akakwana mutatseka, imakhoma makiyi ali pampando, inu muli panja. Opanga galimoto analephereranji kuikapo chenjezo?